Lupanga la Josphat ndi Mphasa ya Apongozi

Josphat Daka, wometa tsitsi pa Nyimba, matenda ake anawatola pa foni. Makasitomala akasowa ankakhala pa mpando wometerapo, miyendo m'mwamba, n'kumaonera timakanema ta anthu a ku Japani akudula mphasa zokulunga ndi lupanga lawo lalitali lija, lopindika pang'ono, limene amalitcha katana. Munthu amangoti khapu kamodzi, mutu wa mphasa n'kutsala uli phee pamalo pake ngati sunamve uthenga, kenako n'kutsetsereka wokha. Josphat akaona zimenezo ankaiwala kuti ndi bambo wa mwana. Tsache la m'shopu linkasanduka lupanga, ndipo amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anafika pozolowera kumuona akumenyana ndi mphepo.

Komatu munthuyu anali ndi nkhani ina yoposa lupanga. Mkazi wake Tamara ndi kamwana kawo Goodness ankakhala kumudzi, kufupi ndi mishoni ya Minga, pakhomo pa amake Tamara, a Virginia, chifukwa Josphat anali mkamwini. Sabata yonse ankagona yekha kuseri kwa shopu, n'kukaona banja lake Lamulungu lokha ngati mlendo. Zinkamuwawa, ndipo sankabisa. Anali atamanga kanyumba ka zipinda ziwiri pa Nyimba, ndipo chimene ankafuna n'chimodzi: apongozi amulole kutenga mkazi wake chitengwa, akakhale naye kwake.

A Virginia sankakana ayi. Ankangoti tikolole kaye. Akakolola, ankati mwana ayambe kaye kuyenda. Mwana atayenda, anati mvula ithe kaye. Kwa anzawo kuchigayo ankanena poyera kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Kwa Josphat mwini wake sankanena kanthu, pakuti mpongozi ndi mkamwini salankhulana maso ndi maso. Akafuna kumuuza kuti khola la mbuzi likudontha ankauza Tamara, Josphatyo ali chikhalire pomwepo. Tamara akachokapo, ankauza nkhuku.

Tsono a Virginia zifukwa zinawathera, ndipo anavomera kuti mlongo wawo, amalume a Hilary, abwere kuchokera ku Petauke Lamulungu adzamve nkhaniyo. Munthu wanzeru sabata imeneyo akanasita malaya n'kukhala phee. Josphat anasankha sabata yomweyo kugula lupanga.

Wobweretsa anali Luckson, wamalonda wokatenga katundu ku Lusaka, wogulitsa chilichonse kuyambira mabatire mpaka mawigi. Josphat anali atamuvutitsa kwa miyezi: afune lupanga lotsika mtengo, chifukwa thumba la wometa si lakuya, koma likhale lodula zenizeni, osati lokongoletsera chipupa. Lachisanu Luckson analowa m'shopu atanyamula malupanga awiri okulungidwa m'chitenje.

"A Daka, onani ili," anatero akusolola loyamba. "Ling'anima monga galasi. Pa chimake pali na chinjoka cha golide. Mtengo wake ni wa chifundo chabe."

Linali lokongola, tisaname. Josphat analigwira, mtima wake n'kuyamba kale kulipira. Koma atalipukusa pang'ono anamva kenakake kakuti gwede gwede m'kati mwa chigwiriro.

"Msuka wake ufika pati?" anafunsa. Msuka ndi mchira wa chitsulo umene umalowa mu mpini, monga pa khasu, ndipo makanema aja anali atamuphunzitsa kuti moyo wa lupanga uli pamenepo.

"Msuka? Kansi mufuna kulima nalo?" Luckson anaseka. "Tiyeni panja muone."

Kuseri kwa shopu kunali tsinde la nthochi lomwe mkoko wake anali atadula kale. Luckson anavula jekete, anatambalala, nalikweza lupanga ndi manja onse awiri. Atalitsitsa, tsinde silinagwedezeke n'komwe. M'manja mwake munatsala chigwiriro chokha, pamene chitsulo chinauluka chikuzungulira, n'kukagwera pa malata a shopu ndi chiphokoso chimene chinabalalitsa agalu. Amayi a nthochi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Atachitsitsa chitsulocho anapeza msuka wake ndi wowonda ngati msomali.

"Ili ni la pa chipupa," anatero Luckson akukuntha fumbi pa buluku, nkhope ili gwa. "Ninali kukuyesani chabe."

Lupanga lachiwiri linalibe chinjoka, linalibe golide. Chimake chinali chakuda bii, chigwiriro chokulungidwa ndi chingwe, chitsulo chotuwa chosadzionetsera. Josphat anatenga msomali n'kukankha tizikhomo tansungwi timene timagwira chigwiriro, nachivula. Msuka unali wotakata ngati zala ziwiri, wofika mpaka kumapeto. Anabwezera zonse m'malo mwake, anayang'ana kuti kumbuyo kulibe munthu, natsitsa dzanja. Tsinde la nthochi linagona pansi lisanadziwe chimene lalakwa.

Pa mtengo anakanganapo ngati pa mbuzi, mpaka anagwirizana kuti Josphat apereke zimene anali nazo ndipo Luckson azimetedwa ulere mpaka mvula igwe.

"Koma mvelani," anatero Luckson pochoka. "Chitsulo chodula chilibe ulesi koma chili na dzimbili. Mukachileka mwezi osachidzoza mafuta, muzachipeza chafiila monga malata akale."

Josphat anangoloza kabotolo ka mafuta a makina ometera pa shelefu. Zimenezo ankazidziwa kale. Chimene chinkamudya mumtima chinali china: tsinde la nthochi ndi madzi okhaokha, ngakhale mpeni wosendera mbatata ungalidule. Iye ankafuna mphasa yokulunga, yonyikidwa m'madzi, monga amachitira eni ake a lupangalo.

Loweruka anatseka shopu, nakwera minibasi ya ku Petauke, lupanga lili m'chitenje pakati pa miyendo. Kondakitala atafunsa, anati ndi ambulera. Anatsikira pa Minga dzuwa lisanafike pamutu, n'kupeza pakhomo pali zii. Tamara ndi amake anali kutchalitchi, kusesa ndi kukongoletsa, mwana ali kumbuyo.

Apa ndiye pamene ulemu unamupweteka mnyamata wa anthu. Kuseri kwa nyumba kunali nthochi zambiri, koma zinali za apongozi, ndipo mkamwini woleredwa bwino sadula nthochi ya apongozi osapempha. Josphat anazidutsa akudziyamikira. M'nyumba mwawo munali mphasa yatsopano, koma imeneyo Tamara akanamumeta nayo opanda madzi. Akuzungulirazungulira, anaona pa denga la nkhokwe chimphasa chakale, chakuda ndi utsi, chonyotsoka m'mbali, pakati ali atachigamba ndi ulusi wa saka. Aliyense wa maso akanaona kuti n'chotayidwa. Josphat anaganiza kuti akuthandizanso kuchotsa zinyalala pakhomo.

Anachikulunga molimba, nachimanga ndi malegeni, napita nacho kudimba. Kumeneko anachimiza m'chitsime chothiririra ndiwo, atachitsindika ndi mwala, n'kukhala pansi kudikira ngati munthu wodikira mowa kupsa. Bango litamwa madzi anachivuula, anakhoma chikhomo pansi, nachiimika.

Kudula koyamba kunali kochititsa manyazi. Lupanga linalowa mopendekeka n'kukanirira pakati, moti anachita kuponda ndi phazi kuti alisolole. Anapuma. Anakumbukira kuti salimbana nacho ngati wodula nkhuni, koma amakoka dzanja ngati wometa. Kachiwiri sanamve n'komwe kuti wakhudza kanthu. Mutu wa mphasa unakhala kaye phee pamalo pake, kenako unatsetsereka wokha n'kugwera mu repu.

Chimwemwe chake chinali chenicheni, ndisakunamizeni. Anafuula yekhayekha m'dimbamo ngati wagoletsa chigoli. Anadulanso, n'kudulanso, mpaka pa chikhomo panatsala kachitsa. Kenako anapukuta lupanga, nalidzoza mafuta, nakankhira zidutswa pansi pa masamba a maungu, n'kubwerera kunyumba akuimba mluzu.

Madzulo azimayi atabwera, Josphat anali pakhonde akuseweretsa Goodness. Anaona apongozi akupita kuseri kwa nkhokwe. Anabwerako. Anapitanso, ulendo uno mofulumira, nazungulira khola, nasuzumira m'bafa.

"Tamara," anaitana a Virginia, mawu atasintha. "Mphasa ya atate ako ili kuti? Ninaiyanika pa nkhokwe m'mawa kuti ichoke fungo."

Mluzu uja unamuthera Josphat. Analowa m'nyumba mwakachetechete, ndipo Tamara atalowa kudzatenga tochi anamufunsa ngati sizikumukhudza kuti mphasa yake ndi yotani.

"Simuidziwa? Ija yakale," anatero Tamara. "Ndiyo yomaliza imene atate anasoka asanamwalile. Amai saiyala wamba. Nkhani iliyonse ya pa banja pano amakhala pamenepo. Pokamba za ukwati wathu anakhala pa iyo. Mailo Lamulungu, pa nkhani yathu, afuna…"

Anaima. Anayang'ana buluku la mwamuna wake lonyowa m'maondo, nayang'ana kachidutswa ka bango kali m'tsitsi lake, nayang'ana chinthu chachitali cha m'chitenje chimene chinali pa bedi.

"Atate ake Goodness," anatero pang'onopang'ono. "Musaniuze."

Sanamuuze. Anangoweramitsa mutu, ndipo zinakwana. Tamara anakhala pansi n'kugwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akuseka kapena akulira, ndipo mwina zinali zonse.

"Sabata zonse za pa dziko, mwasankha ino," anatero atapeza mpweya. "Lomba mvelani. Amai aganiza ni ana oyendayenda anaitenga. Khalani chete mpaka mailo nkhani ithe. Mukatsegula pakamwa, muzakalamba mugona mweka ku shopu."

Josphat anavomera msanga, chifukwa mantha amamva malangizo kuposa nzeru.

Lamulungu Misa itatha, anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. A Hilary anafika atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anali mphunzitsi wopuma, munthu wokonda mawu ake omwe, ndipo anawapatsa mpando. Josphat anakhala pa kachitsa chapatali, maso pansi, monga ayenera mkamwini. Tamara anabweretsa mphasa yatsopano ija n'kuwayalira amake, koma a Virginia anaidutsa ngati sanaione, nakhala pa dothi, miyendo yotambasula, manja pa maondo.

"Alongo, khalani pa mphasa," anatero a Hilary.

"Pano pali bwino. Kambani chabe."

A Hilary anayamba. Anayambira kutali, kwa makolo, kudzera ku ubwino wa ukwati, akulowera ku mitengo ya feteleza. Josphat sankamva kanthu. Ankangobera kuyang'ana apongozi ake. Mayi amene ankamuopa zaka zonsezi, wolamula mbuzi ndi anthu omwe, lero ankaoneka wamng'ono. Dzanja lawo linkangosisita dothi pambali pawo, pamalo pamene pakanakhala chigamba chija. Sanali okwiya. Anali achisoni basi, ndipo zimenezo Josphat sanathe kuzipirira. Mkwiyo akanaubisalira, koma ichi ayi.

Josphat anadzuka, a Hilary ali pakati pa mwambi. Tamara anamutsinzinira diso mwamphamvu moti akanathyola chikope, koma iye anapita. Anabwerako atasenza dengu, lupanga lili kukhwapa. Anagwada patsogolo pa amalume, natula zonse ziwiri.

"Amalume, mphasa sinatengewe na ana. Ndine."

 A Hilary anatola chidutswa chimodzi m'dengumo, nachitembenuza, nayendetsa chala pamene panadulidwa. Panali posalala ngati pa tebulo.

"Ichi mwadula kamodzi chabe?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kamodzi, amalume."

"Ha! Na bango lolimba chonchi? Tiyeni nione chitsulo chake…" Apa anakumana ndi diso la mlongo wawo, nabweza chidutswa m'dengu, natsokomola. "Nifuna kunena kuti mwalakwa kwambili, a Daka. Kwambili."

A Virginia anakokera dengu pafupi. Anatulutsa zidutswa chimodzichimodzi n'kumaziyala pa miyendo pawo, mpaka anapeza chokhala ndi ulusi wa saka. Chimenecho anachigwira nthawi yaitali.

"Alongo," anatero osayang'ana Josphat, "afunseni akamwini anu. Mphasa inawalakwila chani?"

A Hilary anatembenuka nabwereza funsolo, ngakhale onse anali poti angapatsirane fodya osadzuka. Josphat anafotokoza zonse: za makanema, za Luckson, za lupanga louluka. Anati anaona ngati mphasayo n'njotayidwa, ndipo anaitenga chifukwa sanafune kudula nthochi za apongozi osapempha.

"Auzeni kuti ulemu wao wanikhazika pa dothi," anatero a Virginia.

A Hilary anabwereza. Tamara anabisa nkhope kumbuyo kwa mwana. Josphat anadziwa kuti nkhani ya chitengwa yafera pomwepo, ndipo anayamba kale kuona kabedi kake kakang'ono kuseri kwa shopu.

"Auzeninso izi," anapitiriza a Virginia. "Pakhomo pano achotsapo kale mphasa ya amuna anga. Lomba afuna kuchotsapo mwana wanga na mdzukulu wanga. Munthu sangatenge chabe. Nao asiyepo chao. Akafuna mkazi, lupanga litsale."

Ndiyenera kunena zoona, ngakhale ndimamukonda Josphat: anazengereza. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma kumodzi kokha, koma Tamara anakuona, ndipo anatsokomola chitsokomolo chimene mwamuna aliyense wokwatira amachidziwa. Josphat ananyamula lupanga lija ndi manja awiri, lupanga limene analota miyezi yonseyi n'kudula nalo masiku awiri okha, naliika pa mapazi pa amalume. Kenako pakamwa pake, pamene sipanamuthandizepo chiyambire, panatseguka pokha.

"Koma amalume, lifuna mafuta. Mwezi ukapita osalidzoza, lichita dzimbili."

Tamara anatseka maso. A Hilary anatembenuka kuti apereke uthengawo, koma mlongo wawo anakweza dzanja. Ndipo a Virginia, amene chikwatirire Josphat anali asanamuyang'anepo m'maso, amene ankatuma nkhuku kuti zimuuze za khola, anatembenuza nkhope namuyang'ana.

"Mwezi uliwonse, a Daka?"

Josphat anayang'ana kumbuyo kuti aone ngati pali a Daka ena. "Inde, amai."

"Ine za mafuta sinizidziwa, ndipo sinizaligwila. Lizakhala pansi pa bedi panga. Mwine wake azibwela kuzalidzoza." Anayang'ana mdzukulu wawo. "Koma akabwela yeka, chitseko sinitsegula."

Apo m'pamene Josphat anamvetsa. Zaka zonsezi ankayesa kuti apongozi amamuona waulesi, kapena wosauka, kapena wopepera. Chonsecho mayiyo ankangoopa bwalo lopanda phazi la mwana, ndi nyumba yoti ukatsokomola palibe wofunsa. Anachita manyazi, ndipo anawamvera chisoni, ndipo anawakonda, zonse nthawi imodzi. Anawomba m'manja mwaulemu.

A Virginia anatenga chidutswa chija cha ulusi wa saka n'kumupatsa Tamara. "Ichi ni cha atate ako. Ukachiike m'nyumba yako ku Nyimba." Zotsalazo anazibwezera m'dengu, nalowa nazo m'nyumba okha, ndipo anakhalitsamo. A Hilary anapezerapo mpata wosolola lupanga pang'ono m'chimake kuti angoliona.

Tamara anasamuka mwezi womwewo. Masiku ano kumapeto kwa mwezi minibasi imatsitsa anthu atatu pa Minga: mayi, kamtsikana kothamangira kutsogolo, ndi bambo wa kabotolo ka mafuta m'thumba, atasenza mphasa yogula yekha pamsika. Akamaliza kudzoza amaloledwa kudula kudimba, apongozi ali chapatali ndi mdzukulu pa miyendo, akumuuza kuti wapendeketsa dzanja.

Koma mwezi ndi wautali kwa munthu wokhala yekha. Nthawi zina, sabata ziwiri zisanathe n'komwe, foni ya Tamara imalira m'mawa.

"Uwauze a Daka," amatero a Virginia, "nasuzumila pansi pa bedi. Niona monga layamba kufiila."

Josphat amadziwa bwino lomwe kuti lupanga lili m'chimake, lokulungidwa m'chitenje, lonona ndi mafuta, ndipo apongozi sanalisololepo. Amangotseka shopu, n'kupita kukagula shuga ndi mkoko wa nthochi.